Ana apakamwa a m'mafilimu aja, amene amayankhayo si mwana ayi

Kavidiyo kakangofika pa WhatsApp ka kamwana ka zaka 5 kakuwayankha aphunzitsi mpaka aphunzitsiwo kusowa polowera, nyumba yonse imafa ndi phwete, foni kuyenda dzanja ndi dzanja, ena mpaka kukaika pa sitetasi. Koma mwana wa m'nyumba momwemo atumidwe tomato kumsika wa Zigwagwa muno mu Mzuzu n'kungoyesa kunena kuti "bwanji osatuma wina, ine ndapitako kale m'mawa", mudzaona mmene nkhope za anthu amaseka aja zisinthire. Ndiye nkhani imene anthu amakangana m'magulu a makolo, kumpingo, olo mu minibasi ya ku Ekwendeni ndi yakuti kodi makatuni ndi mafilimuwa ndi amene akutionongera ana? Ena amayankha msangamsanga kuti eya, thimitsani TV basi. Ena amati ayi ndi zoseketsa chabe musamakokomeze. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikudumpha penapake, ndipo kuti timvane bwino tiyambe tafunsa kuti kamwana kapakamwa kameneka amakapanga ndani, ndipo amakapangira ndani.

Amene akulankhulayo si mwana. Zikumveka ngati zodziwikiratu koma timaiwala. Tengani Bart Simpson, kamnyamata ka tsitsi losongokasongoka ka mu The Simpsons, kamene ambiri amakatenga ngati mfumu ya ana amwano pa TV. Kanayamba kuoneka mu 1987 mu tizidutswa tatifupitifupi, pulogalamu yathunthu n'kudzayamba mu Disembala 1989, ndipo mpaka lero kakadali ndi zaka 10, sikakula. Mawu ake amalankhula ndi mayi, Nancy Cartwright, wobadwa mu 1957, ndipo nthabwala zake amalemba ndi gulu la anthu akuluakulu olipidwa, amene amatha kukhala m'chipinda tsiku lonse kutembenuza chiganizo chimodzi mpaka chithwe bwinobwino. Mwana weniweni wa zaka 10 akapsa mtima sayankha mwaluso chonchija, amangoti "sindikufuna", kufufuma, kulira, mwina kumenyetsa chitseko, zathera pomwepo.

Kwathu kuno chitsanzo chimene aliyense akuchidziwa ndi Aki ndi Pawpaw a ku Nigeria. Dziko lino TV yathuyathu inabwera mochedwa, TVM inayamba mu 1999, ndiye ambiri ana oterewa tinakumana nawo mu vidiyo sho osati pa balaza. Amene munakulira ku Chibavi, Chiputula kapena Mchengautuwa m'zaka za m'ma 2000 mukukumbukira, benchi yathabwa, nsalu yakuda pakhomo, sipika ili panja kuitana anthu, mkati mwadzaza mpaka ena kukhala pansi, tianyamata tiwiri pa sikilini tikuwazunguza mutu bambo awo, kuba, kunama, kuyankha akulu mudzi wonse kutopa nato. Filimu imene inawatchukitsa, Aki na Ukwa, inatuluka cha m'ma 2002. Chinedu Ikedieze anabadwa mu 1977, Osita Iheme mu 1982, ndekuti pa nthawiyo onse awiri anali atafika kale zaka 20. Anali azibambo a thupi laling'ono mwachibadwa akusewera ngati ana, ndipo anthu ambiri ankakhulupirira ndithu kuti ndi ana. N'chifukwa chake kaponyedwe ka diso kaja, kudikira pang'ono asanayankhe kuja, kunali kwaukatswiri choncho. Ndipo taonani, patapita zaka pafupifupi 20 nkhope zomwe zija zinabwereranso ngati ma meme ndi masitika, ndipo amene amazitumizirana kwambiri ndi akuluakulu, kwa anzawo a kuntchito, pamene akufuna kunena chimene sangachilembe ndi mawu awoawo.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Wolemba sewero amaika mawu ake m'kamwa mwa mwana chifukwa mwana amapulumuka pamene wamkulu sangapulumuke. Bambo wa ndevu akauza abusa kuti ulaliki wanu watalika ndipo mwabwereza za chopereka katatu, oonera amuda bamboyo, amati ndi wachipongwe. Kamwana kakanena zomwezo ndi maso ake oyera aja, tonse tiseka, chifukwa tonse timaganiza zomwezo tili pa benchi koma tinangoti zii. Kuseka kwake kumachokera pa kugubuduzika kwa zinthu, wamng'ono wakwera pamwamba wamkulu wagwa, kwa mphindi imodzi yokha. Ndipo ife amene tikusekafe ndi anthu oti tsiku lonse takhala tikunena kuti "chabwino bwana" kwa munthu amene mumtima tikudziwa kuti akulakwitsa, takhala tikugonjera alandilodi, apongozi, kondakitala wokana kubweza chenji. Kamwana kaja kakutiyankhira ife. Palinso chifukwa china chosavuta, cha bizinesi basi. Sewero la mphindi 3 lilibe nthawi yomanga nkhani yaitali, limafuna chinthu chogunda pompopompo, ndipo mwana woyankha wamkulu safuna kufotokozera, aliyense padziko lapansi amamva kuti apa pachitika chinachake. Mawu amodzi akagwira, amabwerezedwa sabata iliyonse mpaka kuwasindikiza pa malaya.

Ku America zinafika mpaka pa ndale. Mu 1990 masukulu ena analetsa ana kuvala malaya a Bart chifukwa cha mawu onyadira kulephera m'kalasi amene analembedwapo. Mu Januwale 1992 pulezidenti George H. W. Bush ananena pa msonkhano kuti akufuna mabanja a ku America azifanana ndi banja la The Waltons, pulogalamu yakale ya banja laulemu la nthawi ya umphawi waukulu wa m'ma 1930, osati banja la Simpson. Patangopita masiku ochepa olemba aja anamuyankhitsa Bart pa TV kuti ife tikufanana nawo kale a Walton, nafenso tikupempherera kuti mavuto a zachumawa athe. Tsono apa mukuona bwino, si mwana wa zaka 10 amene anaganiza yankho limenelo, ndi akuluakulu akuyankha pulezidenti wawo atabisala kumbuyo kwa katuni.

Koma tisanamize azungu kapena a ku Nigeria kuti ndi amene anayambitsa. Nthano zathu zadzaza ndi wamng'ono wochenjera pakamwa. Kalulu ndi chiyani ngati si kanthu kakang'ono kopusitsa njovu ndi mkango ndi lilime lokha? Ndipo pali nthano ya Kachirambe, anzathu a Chiyao amati Kalikalanje, mwana amene mayi ake anamulonjeza kwa fisi asanabadwe, iye n'kubadwa akulankhula kale, msampha uliwonse umene mayi ake ndi fisi atchera iye kuuzemba, osamvera chimene wauzidwa chifukwa akamvera adyedwa. Azulu ali ndi wawo, Hlakanyana, amene anayamba kulankhula ali m'mimba. Agogo athu ankakamba zimenezi madzulo kwa ana omwewo amene masana amawauza kuti mwana sayankha akulu, ndipo sankaona kuti pali kutsutsana. Ku Germany kunali Max ndi Moritz, buku la zithunzi la Wilhelm Busch la mu 1865, tianyamata tiwiri tozunza mudzi. Ndipo mu Malichi 1951 kunachitika zodabwitsa, ku America ndi ku Britain kunatuluka nthawi imodzi makatuni awiri osiyana ojambula pa pepala, onse a kamnyamata kovuta kotchedwa Dennis the Menace, ojambula ake osadziwana n'komwe. Ndiye kamwana aka kalibe kwawo, kamamera paliponse pamene pali akulu olamula ndi ana olamulidwa.

Chimene chinasintha ndi mathero ake. Max ndi Moritz atachita zamwano zawo 7, mlimi anawaika m'thumba, kuwapititsa ku chigayo, kugayidwa, abakha n'kudya. Nkhanza zedi, koma owerenga a nthawiyo ankadziwa kuti ngongole yalipidwa. M'nthano zathu namonso mwana wonyoza nkhalamba ya pa chitsime amakumana nazo, pamene mnzake waulemu amabwerako ndi chuma, ndipo olo Kalulu yemwe nthawi zina amagwidwa ndi fulu. Pulogalamu ya pa TV singachite zimenezo chifukwa mwanayo akufunika abwerenso sabata yamawa ali chimodzimodzi, ndiye amene akubweretsa ndalama. Akasintha, akakhala waulemu, pulogalamu yatha. Nanga kavidiyo ka pa TikTok ndiye kaya, kamathera pa yankho lenilenilo, nkhope ya wamkulu yasokonekera, nyimbo, basi. Zimene zinachitika pambuyo pake sizioneka.

Tsono ku funso lija, kodi ana amatengera? Amatengera, tisanamizane, amene ali ndi mwana wa ku nasale akudziwa kuti mawu a pa katuni amabwera nawo pa mphasa ya nsima tsiku lomwelo. Koma katengeredwe kake kali ndi njira yake. Katswiri wina wa maganizo a anthu ku yunivesite ya Stanford ku America, Albert Bandura, anachita kafukufuku wotchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi chidole chachikulu chopopa. Mu 1965 anaonetsa ana filimu ya munthu wamkulu akumenya chidolecho, gulu lina linaona womenyayo akupatsidwa mphoto, lina linaona akudzudzulidwa, lina silinaone chilichonse chomuchitikira. Amene anaona akudzudzulidwa anatsanzira mochepa. Koma atawalonjeza kamphatso kuti asonyeze zimene anaona, ana a magulu onse anatha kuzichita. Ndekuti onse anaphunzira, chimene chinasiyana n'chakuti ndani anaona kuti kuchita zimenezo kuli ndi phindu. Kafukufukuyo anali wa kumenya osati wa pakamwa, koma ine ndimaona kuti ndi momwemonso. Mwana akuonera zinthu ziwiri nthawi imodzi, sikilini ndi nkhope zathu. Akaona amayi, abambo ndi ankolo akugubuduka ndi kuseka chifukwa kamwana kawauza aphunzitsi zakutizakuti, waphunzira kuti iyi ndi njira yosangalatsira akulu. Akayesa mawa lake n'kulandira khofi, kwa iye ndi zosamveka, dzulo lomweli munaseka.

Ndipo muno muli chinthu china chimene ku London kulibe, ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa. Amene mumaonera mukudziwa kuti DJ sangomasulira, amathira tsabola wakewake, pamene mwana wa mufilimu wangonena kachiganizo kamodzi DJ amawonjezera zitatu za m'tauni, zotukwanira ndithu, kuti holo iseke. Mwana wa ku Zolozolo amene Chingerezi cha mufilimu sakanachimva n'komwe akulandira mwano womasuliridwa kale, wokonzeka kugwiritsa ntchito pakhomo.

Komano apa ndi pamene ndimasiyana ndi a thimitsani TV aja. Tikamati mwano timaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana mu thumba limodzi. Pali mwana wonyoza, woderera, amene cholinga chake n'kuchititsa manyazi wamkulu. Ndiye pali mwana amene wangonena zoona pamalo pamene akulu agwirizana kukhala chete. Nthano ya Hans Christian Andersen ya mu 1837 ija, mfumu ikuyenda mumsewu ili mbulanda anthu onse akuyamikira zovala zimene kulibe, amene ananena kuti mfumu sinavale anali mwana. Ku Argentina kunali Mafalda, kamtsikana ka m'makatuni a m'nyuzi kamene Quino anajambula kuyambira 1964 mpaka 1973, kodana ndi supu, kofunsa makolo ake mafunso a nkhondo, ndale ndi umphawi mpaka bambo ake kusowa tulo. Sikankatukwana munthu, kankangofunsa. Kachirambe uja nayenso ali mbali imeneyi. Kwathu kuno ana awiri onsewa timawaika dzina limodzi, wopanda mwambo, chifukwa muyeso wathu wa ulemu umayang'ana kwambiri kaonekedwe, kuthyola bondo, kulandira ndi manja awiri, osayang'ana wamkulu m'maso, osati "iwe" kwa wamkulu, osalankhula uli chiimire. Muno mu Mzuzu palinso kena, mwana wakulira m'tauni apite ku holide kwa agogo ku Rumphi kapena ku Mzimba, agogo amulankhule Chitumbuka iye ayankhe Chichewa cha m'tauni chothamanga chija ali chiimire manja m'thumba, mlandu wapalamulidwa kale pomwe mwanayo sananene choipa chilichonse. Zinthu zimenezi n'zabwino kuphunzitsa, sindikutsutsa. Koma mwana amene waphunzitsidwa kuti kuyankha wamkulu kulikonse ndi tchimo ndi yemweyonso amene sadzanena kanthu wamkulu wina akamuchita zoipa kuseri, ndipo nkhani zoterezi timazimva kukhoti zitachedwa kale.

Malamulo nawo akukoka mbali ziwiri zomwezi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi anavomereza mu 1991, mu ndime 12 limati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa nkhani zomukhudza ndipo amvedwe malinga ndi msinkhu wake. Pangano la maiko a mu Africa la mu 1990 linabwera n'kuwonjezera ndime 31, yakuti mwana nayenso ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akuluakulu. Anthu amakonda kunena kuti ana anaonongeka ndi demokalase ya 1994 ndi zaufuluzi, koma palibe pamene panalembedwa kuti mwana azitukwana. Ndipo makolo athu anali atapeza kale pothawira. Taonani mmene agogo amachezera ndi chidzukulu, agogo aakazi kumutcha kamnyamata "amuna anga", iko n'kumawayankha kuti ndakusiyani ukwati mwakalamba, onse kuseka. Mawu amenewo kwa bambo ake sangayerekeze. Chimodzimodzi pa chisuweni. Ndekuti malo a mwana wapakamwa analipo, okhala ndi malire odziwika, mwana amadziwa kuti apa ndi posewera apa ayi. Sikilini ilibe malire amenewo, imangoonetsa mwana akuyankha aliyense, aphunzitsi, apolisi, abusa, bambo ake, mofanana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine kwenikweni si Bart, iye ndi inki chabe sadzavutika. Ndi ana enieni amene amasewera mbali imeneyi. Gary Coleman anali ndi zaka 10 pamene anayamba kusewera Arnold mu Diff'rent Strokes mu 1978, kamwana kakafupi kamasaya, kapakamwa, dziko lonse la America linkabwereza mawu ake. Pulogalamu inatha mu 1986. Mu 1989 anasumira makolo ake ndi yemwe ankamuyendetsera ndalama, khoti n'kumupatsa pafupifupi madola 1.3 miliyoni mu 1993, koma pofika 1999 analengeza kuti chuma chake chatha, sangathenso kubweza ngongole, anagwirapo ntchito ya ulonda, ndipo anthu mumsewu ankamukakamizabe kunena mawu a ali mwana aja mpaka anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 42. Iye asanabadwe n'komwe zinamuchitikiranso Jackie Coogan, mwana amene anasewera ndi Charlie Chaplin mu 1921, atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo omupeza adya pafupifupi zonse. Mlandu wake ndi umene unabweretsa lamulo la ku California la mu 1939, limene masiku ano limati 15 peresenti ya malipiro a mwana wa zisudzo isungidwe mu akaunti yakeyake mpaka akule.

Sikuti onse zimawathera moipa ayi. Emmanuella wa Mark Angel Comedy ku Port Harcourt, wobadwa mu 2010, anayamba ali ndi zaka pafupifupi 5, ndipo ndi kakamwa kake kaja kamene kanathandiza tchanelo chawo kufika anthu 1 miliyoni pa YouTube mu 2017, mu 2020 n'kulengeza kuti wamangira makolo ake nyumba. Nkhani imeneyo inazungulira kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti inatsegula maso a makolo ambiri m'njira yolakwika, aliyense wokhala ndi mwana wolongolola anayamba kuona nyumba ya malata. Koma kumbuyo kwa Emmanuella kuli olemba, ojambula, kampani yathunthu. Zimene tikuona tsopano m'mafoni mwathu ndi zina, mwana wa zaka 4 waimikidwa pakhonde, kumbuyo kwa kamera kukumveka mawu a wamkulu akunong'oneza kuti "nena, uwauze kuti alibe ndalama, nenanso mokweza", mwana akubwereza mawu a chibwenzi kapena otukwana amene sakuwamvetsa n'komwe, maso ali kwa wogwira foni kudikira kuti aseke. Apa palibenso kusiyana pakati pa sewero ndi kunyumba, wotsogolera seweroyo ndi amayi ake kapena amalume ake, ndipo ndi omwewonso amene adzamukalipire akadzanena mawu omwewo kwa alendo Lamulungu.

Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. France inakhazikitsa lamulo mu 2020 loteteza ana otchuka pa intaneti, ndalama zawo zizisungidwa, ndipo mwanayo ali ndi mphamvu youza kampani kuti ichotse mavidiyo ake olo makolo asavomereze. Ku Illinois ku America lamulo lofananako pa nkhani ya ndalama linayamba kugwira ntchito mu 2024. Kwathu kuno lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma linalembedwa poganizira ma esiteti a fodya ndi tiyi, nthawi imene foni ya kamera inali isanafike m'manja mwa anthu, ndipo palibe kholo limene limadziona ngati bwana wolemba ntchito likamajambula mwana wake pakhonde. Komanso mavidiyo athu ambiri sayenda pa YouTube pamene ungapemphe kuti achotse, amayenda pa WhatsApp, kuchoka gulu la banja kupita la kumpingo kupita la anzake a kusukulu a ankolo, aliyense wasunga mufoni mwake. Mwanayo akadzafika Fomu 1 ku Katoto kapena ku Luwinga, anzake a m'kalasi adzakhala atakaona kale.